Kalasi Yonse Inamva

Uthenga unalowa Hajara akuyezera kasitomala ukonde. Anadikira kuti bamboyo atuluke, kenako anatsegula foni pansi pa kauntala.

"Tafika. Atisungira malo ku loji ija ili kuseri kwa msika wa ziboliboli. Sabata yonse ndili kwanu kuno. Ndikuone liti?"

Hajara anawerenga kawiri. Wolemba anali Masautso Kaliwo, mphunzitsi wa pa yunivesite ina ku Lilongwe, amene ankaphunzitsa za kasamalidwe ka nsomba. Kwawo kunali kumtunda, kupitirira Salima boma, m'banja la alimi opemphera chikhristu. Anadziwana chaka chatha, tsiku limene Masautso anabwera ndi ophunzira ake ku Senga Bay kudzaona mathandala oyanikirapo usipa, n'kulowa m'sitolo ya a Jafali, bambo ake a Hajara, kudzapempha pochajira foni. Foniyo inadzaza koma mwini wake osachoka. Kuyambira pamenepo chibwenzi chawo chinkayendera pa foni, ndipo kunyumba kwa a Jafali palibe amene anauzidwa.

"Ukuseka ndi ndani?" anafunsa Ahmad, mlongo wake wamkulu, amene ankamasula injini ya boti pakona ya sitolo.

"Ndi mnzanga, achimwene."

"Mnzakoyo amalemba zokoma." Ahmad anapukuta manja ndi kansanza. "Paja wamva kuti Ismael akutsika ku chilumba cha Mbenji? Ababa aitana amalume ake kuti adzafike kwathu Lachisanu kudzakamba za ukwati wako, ikatha swala ya Ijumaa."

"Ine Ismael ndinamuyankha kale."

"Unamuyankha iye. Ababa sunawayankhe."

Hajara anabwezera foni pansi pa kauntala. Ismael analibe chifukwa chilichonse chomunenera. Anali ndi maboti ake, sankaphonya ku mzikiti, ndipo bambo ake anakulira limodzi ndi a Jafali. Vuto linali loti Hajara akamuona, mtima wake unkangokhala mmene unalili.

Ahmad atatuluka ndi injini paphewa, Hajara anayankha uthenga uja ndi mawu awiri: "Mawa masana."

* * *

Hajara anauza amayi ake kuti akupita kwa telala. Anakwera kabaza, natsikira patali pang'ono ndi geti la loji kuti wakabazayo asakhale ndi nkhani yokafotokoza.

Aphunzitsi a ku yunivesite amene anabwera ndi Masautso ku maphunziro a sabata imodzi anawapeza ali pansi pa chisakasa chachikulu cha udzu. Ena anaunjikana atatu pa laputopu imodzi. Bambo wina wa imvi ankabaya batani ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, uku akudandaula kuti zimene analemba zasowa. Mayi wina anaima panja, foni ataikweza m'mwamba kusaka netiweki.

Masautso anali patebulo lakumapeto, koma sanali yekha. Pambali pake panali mkazi wa tsitsi lalifupi, wovala buluku loyera. Mitu yawo inali pafupi kugundana. Dzanja la mkaziyo linali pamwamba pa dzanja la Masautso, likulitsogolera pa laputopu ngati mmene amachitira mayi pophunzitsa mwana kulemba.

Hajara anaima pomwepo. Anafuna kubwerera, koma Masautso anali atamuona kale.

"Hajara, wafika? Tabwera kuno." Anadzuka msangamsanga mpaka mpando unagwa. "Awa ndi a Nancy, timaphunzitsa limodzi. Ndi amene akutiphunzitsa kaphunzitsidwe ka pa intaneti."

"Ndinu a kusitolo ija?" anatero Nancy, akumuyang'ana kuchokera ku mpango mpaka ku nsapato. "Masa amakutchulanitchulani. Akuti mumadziwa bwino mitengo ya maukonde."

"Zikomo," anatero Hajara.

"Masa, usachedwe. Sunamalize kuika mafunso aja, ndipo ukalakwitsanso sindikukonzera." Nancy anaseka, namumenya pang'ono paphewa.

Awiriwo anakakhala pa benchi kuseri kwa khitchini ya loji, pansi pa mtengo wa mango.

"Amakutchulani Masa," anayamba Hajara.

"Tinaphunzira limodzi kuyambira chaka choyamba. Ndi dzina la kusukulu chabe."

"Ndipo amakuyankhulani ndi iwe. Ine mpaka lero ndimati inu."

"Ndakuuza kangati kuti usiye inuyo?"

"Dzanja lawo limafuna chiyani pa dzanja lanu?"

Masautso anapuma mozama. Anafotokoza kuti akuluakulu a yunivesite analamula kuti ophunzira a kutali, amene amagwira ntchito m'maboma, aziphunzitsidwa pa intaneti. Lamulo linabwera koma zida osabwera. Dipatimenti yawo yonse inkalimbirana malaputopu awiri, ndipo imodzi inkangokhala mu ofesi ya bwana. Yake inapsa nthawi ya dzinja, magetsi atabwera ndi mphamvu. Nancy akanapanda kumubwereka ina imene sankaigwiritsa ntchito kawirikawiri, bwenzi ophunzira ake atalephera teremu yonse.

"Ndiye laputopu imene mumanditumizirapo zithunzi ija ndi yawo?"

"Ndi yake, inde."

"Bwanji simunandiuze?"

"Sindinaganize kuti ndi nkhani."

"Mkazi sabwereketsa chinthu chodula chonchi kwa mwamuna chifukwa cha ophunzira," anatero Hajara akudzuka. "Ine ndine mkazi, ndikudziwa."

* * *

Atatha kutsuka mbale za chakudya cha madzulo, foni yake inali itadzaza mauthenga.

"Wachoka osatsanzika."

"Hajara, yankha."

"Nancy ndi mnzanga wa kuntchito basi."

Hajara anakhala pa mkeka m'chipinda chake, nalemba: "Lachisanu kwathu kukubwera amalume a Ismael."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Ismael uti? Wa maboti uja? Unandiuza kuti zinatha."

"Kwa ine zinatha. Kwa ababa sizinathe."

"Ndiye wakhala ukudziwa zimenezi osandiuza?"

"Sindinaganize kuti ndi nkhani."

Hajara ankaona kuti Masautso akulemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Zinamukomera pang'ono kuti nayenso amve mmene zimawawira.

"Amakuimbira foni?" unafika uthenga pamapeto pake.

"Akapeza netiweki ku chilumba."

"Umayankha?"

"Inu mukamakhala ndi a Nancy mu ofesi mpaka anthu onse kuweruka, ndimakufunsani?"

"Chabwino. Bwera mawa masana. Ndili ndi kalasi ya pa intaneti. Udzaone ndi maso ako zimene laputopuyo imagwira. Tikatero tikambirane za Lachisanu."

Hajara anaika foni pambali, koma anadziwa kuti apita.

* * *

Lachitatu kunatentha kwambiri. A loji anamupatsa Masautso kachipinda kakang'ono ka misonkhano, ka zenera limodzi, kuti aphunzitsiremo popanda phokoso. Hajara anakhala pampando wa pakona, poti kamera isamuone.

Masautso atatsegula laputopu, analemba pasiwedi osafunsa munthu. Chithunzi chimene chinadzaza pagalasi chinali cha tsiku lomaliza maphunziro. Nancy ndi Masautso anavala mikanjo yakuda, ndipo pakati pawo panali mayi wachikulire atavala yunifomu ya amayi a mpingo, atagwira Nancy m'chiuno.

"Mayiwa ndi ndani?"

"Amayi anga."

"Amadziwana ndi a Nancy?"

"Ndi chithunzi chakale, Hajara. Laputopu ndi yake, sindingamusinthire zithunzi."

Anatsegula kalasi. Mayina a ophunzira anayamba kulowa limodzilimodzi, ena ali ku Mchinji, ena ku Karonga, ambiri pa mafoni, makamera atazimitsa kuti bandulo isathe msanga. Masautso anawapatsa moni, nawauza kuti adikire anzawo. Asanayambe n'komwe, fani ya kudenga inayamba kuzungulira mwaulesi mpaka inaima. Magetsi anali atazima, wayifayi ya loji n'kuzima nawo.

"Zomwezi tsiku ndi tsiku," anadandaula Masautso. Analumikiza laputopu ku intaneti ya foni yake, naika foniyo patebulo, nauza ophunzira kuti abwera posachedwa, kenako anatseka maikolofoni. "Batire la laputopu iyi silikhalitsa. Ndikawapemphe ayatse jenereta. Usagwire chilichonse."

Atangotuluka, kabokosi ka uthenga kanatulukira pakona ya galasi. Watsapu ya Nancy inali idakali yolumikizidwa ku laputopuyo. Hajara sanafune kuwerenga, koma dzina la Masa linali pamzere woyamba. Anasendera pafupi, nayendetsa chala pamene anaona Masautso akuyendetsa, nabaya apa ndi apo mpaka uthenga unatseguka. Unachokera kwa mkazi wina dzina lake Salome.

"Ndiye Masa wamukola ndi laputopu? Usagonetu. Kamtsikana ka usipa kaja kasakulande. Amayi ake ali mbali yako kale."

Pamwamba pake panali zimene Nancy analemba m'mawa womwewo: "Ndakaona dzulo. Kokongola ndithu, koma sikangapirire. Kwawo sangalole."

Masautso anabwerera akupukuta thukuta. "Akuti mafuta akubwera. Wataniko?"

"Werengani."

Masautso anawerama, nawerenga, nkhope yake n'kusintha. "Izi sindikuzidziwa ine."

"Kamtsikana ka usipa ndine?"

"Hajara, tsitsa mawu. Tikambirana ikatha kalasi."

"Ayi, tikambirana pano." Hajara sanatsitse mawu. "Ine ndinakana Ismael, munthu wa chipembedzo changa, amene ababa amamufuna ndi mtima wonse. Amayi anga ndimawanamiza kuti ndikupita kwa telala pomwe ndikubwera kwa inu. Ndine mwana wa a Jafali ine, Senga Bay yonse imandidziwa. Ndataya ulemu wanga chifukwa cha inu, ndiye mundisinthanitse ndi laputopu?"

"Palibe amene akukusinthanitsa. Ndimakonda iwe. Nancy sindinamulonjeze kanthu."

"Nanga amayi anu anamulonjeza chiyani?"

Masautso anatsegula pakamwa, koma mawu amene anamveka sanali ake. Anachokera mu laputopu, a mnyamata, amanyazi.

"A lekichala, pepani. Maikolofoni yanu ndi yotsegula. Tikumva zonse."

Kumbali kwa galasi mauthenga a ophunzira ankathamanga ngati nyerere, ena oseka, ena omvera chisoni, wina atalemba kuti, "Musawasiye amayiwo, a lekichala." Pamwamba panali kadontho kofiira kosonyeza kuti kalasi ikujambulidwa, monga zinkachitikira nthawi zonse pofuna kuthandiza amene alibe bandulo tsiku limenelo. Ndipo pamndandanda wa mayina, loyamba linali la Nancy, ngati wothandizira kuyendetsa kalasi.

Masautso anatseka laputopu mwamphamvu. Hajara anakoka mpango wake kuphimba kumaso, natuluka.

* * *

Nancy anali pakhonde la chipinda chake, akumwa madzi a malambe, foni ili pamwendo. Masautso anaika laputopu patebulo pamaso pake.

"Unali m'kalasi muja."

"Ndimalowa m'makalasi a aliyense sabata ino. Ndi ntchito yanga."

"Unali ndi mphamvu yotseka maikolofoni yanga. Unandiphunzitsa wekha dzulo kuti wothandizira amatha kutero."

"Netiweki inandivuta."

"Netiweki inakuvuta kutseka, koma kumvera sinakuvute?"

Nancy anaika botolo pansi. "Ndiye wolakwa ndine? Amene wawerenga mauthenga anga si ine. Amene wabweretsa chibwenzi m'kalasi si ine."

"Bwanji unamuuza Salome zimene zija?"

"Chifukwa ndi zoona." Anamuyang'ana m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. "Ndakudikira kuyambira tili ana a sukulu, Masa. Amayi ako atadwala, anawatengera ku chipatala ndani? Pamene anzako amakuseka kuti sudziwa kuika ngakhale fayilo imodzi pa intaneti, amakhala nawe ndani? Ndimaganiza kuti uli ndi maso. Kenako wangolowa m'sitolo ya maukonde, basi wasokonekera."

"Sindinakunamizepo, Nancy."

"Sunandinamize, koma laputopu unalandira. Thandizo unalandira. Unkadziwa."

Masautso anangokankhira laputopu ija kwa mwini wake. "Zikomo pondibwereka. Tenga."

"Uphunzitsa ndi chiyani? Mayeso ali pafupi."

"Ndiona."

"Bwana wa dipatimenti wamva kale. Wandiimbira. Akuti Lolemba ukafotokoze chifukwa chake munthu wakunja anali m'kalasi." Nancy anatsitsa mawu. "Ndikhoza kukuyankhulira. Amandimvera ine. Koma sindingayankhulire munthu amene akunditaya ngati chaja chakutha."

"Fufuta zimene zajambulidwa zija."

"Ndifufuta. Koma ophunzira ako ali ndi mafoni, Masa. Ukuganiza kuti anangokhala manja lende?"

* * *

Lachinayi m'mawa Hajara anatsegula sitolo maso ali otupa. Anyamata awiri anabwera kudzagula mbedza, ndipo potuluka mmodzi anauza mnzake mokweza kuti, "Ndiye mundisinthanitse ndi laputopu?" Anaseka mpaka kumsewu.

Posakhalitsa Ahmad analowa, natseka chitseko cha sitolo ndi loko wa m'kati. Anaika foni yake pa kauntala, nabaya. Mawu a Hajara anadzaza sitolo yonse, akutchula Ismael, telala, ndi dzina la bambo ake.

"Zimitsani, achimwene."

Ahmad anazimitsa. "Anditumizira anthu atatu. Mwana wa a shehe amaphunzira ku yunivesite komweko, ndiye zafika m'gulu la anyamata a ku mzikiti. Mkhristu, Hajara? Mwa amuna onse a m'dziko muno?"

"Sindinachite kusankha kuti akhale mkhristu."

"Ndipo ali ndi mkazi wina."

"Alibe."

"Nanga umalirira chiyani?"

Hajara anakhala pa mpukutu wa chingwe, nagwira mutu. "Ababa amva?"

"Kafoni kawo ka mabatani kaja sikalandira zimenezi. Amayi nawonso sanamve. Akuluakulu anzawo akuopa kuwauza." Ahmad anayenda uku ndi uku pakati pa maukonde. Anali wokwiya, koma ndi iye amene ankamubereka Hajara popita ku madrasa ali wamng'ono, ndipo misozi ya mlongo wake sankatha kuipirira. "Tamvera. Ismael wafika m'mawa uno, ndipo wamva. Ndakumana naye kugombe. Sanayankhule zambiri, wangoti amalume ake abwerabe mawa."

"Abwerabe? Atamva zonse zija?"

"Akuti mphunzitsiyo adzatopa nawe, iye sadzatopa."

Hajara anapukusa mutu.

"Ine ndikhala chete mpaka mawa m'mawa," anapitiriza Ahmad. "Ababa amve kuchokera pakamwa pako, alendo asanafike. Asamve kwa munthu wa kunja. Ukudziwa mmene alili. Choipa amakhululuka, koma kuchititsidwa manyazi ndi mlendo sakhululuka. Ndipo mphunzitsi wakoyo, ngati ndi mwamuna, atume amalume ake. Zapafoni zatha."

"Zikomo, achimwene."

"Usandithokoze. Sindinanene kuti ndavomera."

* * *

Masana Ahmad anatsala m'sitolo, ndipo Hajara anapita ku loji wapansi, kudzera njira ya kuseri kwa mathandala. Sanapite kukapepesa. Anapita kukanena mawu a Ahmad, n'kubwerera.

Hajara anapeza Masautso ali pa benchi ija ya pansi pa mango. Foni anaitsamiritsa ku botolo la madzi, ndipo pamwendo pake panali katoni yodula imene anajambulapo thandala ndi mivi yosonyeza kayendedwe ka mphepo. Ankayankhula ndi foniyo pang'onopang'ono, akuisonyeza katoniyo, thukuta likutsika m'khosi. Foni inagwa. Anaidzutsa, nayambiranso. Inagwanso.

Hajara anaima kuseri kwa mtengo kwa kanthawi akumuyang'ana. Kenako anabwera, natola foniyo, naigwira ndi manja awiri moyang'anitsa katoni.

"Pitirizani," ananong'ona.

Masautso anamuyang'ana, napitiriza mpaka phunziro linatha. Atazimitsa, anaonetsetsa kawiri kuti chilichonse chatsekedwa.

"Laputopu ili kuti?" anafunsa Hajara.

"Ndinabweza dzulo lomwelo. Ndizijambula tizidutswa tating'onoting'ono chonchi, ndizitumiza pa gulu lawo. Sizitha bandulo yambiri. Mwina ena zingawakomere kuposa kale."

"Ntchito ikuthera?"

"Sindikudziwa. Ndikamva Lolemba."

Hajara anakhala kumapeto kwa benchi. "Ndine ndinatsegula maikolofoni ija. Ndimabaya paliponse."

"Ndipo ine ndinalandira chinthu cha munthu ndikudziwa mtima wake. Ndimadziuza kuti ndi za ophunzira basi." Anasendera pafupi pang'ono. "Amayi anga amamukonda Nancy, sindikubisira. Amaimba kwaya imodzi ndi azakhali ake. Koma amayi si amene akukwatira."

"Mawu amenewo mukawanene pamaso pawo."

"Ndikanena."

Hajara anamufotokozera zimene Ahmad ananena, ndi za Ismael. Dzina la Ismael litamveka, Masautso anamudula mawu.

"Akuti ndidzatopa nawe? Amandidziwa ine?"

"Sakudziwani. Koma iye watuma amalume ake. Inu mwatuma mauthenga."

Masautso anadzuka, napinda katoni ija, naiika m'chikwama. "Amalume anga amasoka nsapato pafupi ndi siteshoni ya sitima ku boma. Ndikukwera minibasi pompano. Akakana, ndikagwada mpaka avomere. Mawa m'mawa tili pakhomo panu, Ismael asanatuluke mu mzikiti."

"Ababa akhoza kukuthamangitsani."

"Andithamangitse ndili pakhomo pawo, osati ndili pa foni."

Hajara naye anadzuka pa benchi. "Pita, Masautso," anatero. "Usachedwe."

Masautso anaima, akumwetulira ngati mwana. "Wati chiyani?"

"Wamva. Pita."

* * *

Pobwerera kunyumba Hajara ankayeseza mawu oti akawauze bambo ake. Anaganiza zoyamba ndi amayi kukhitchini, kuti iwo akafewetse njira. Anaganiza zodikira kuti a Jafali abwere kuchokera ku swala ya madzulo, amwe tiyi wawo, mtima ukhale pansi. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ankayenda mopepuka.

Atakhota pa ngodya ya mpanda wawo, anaona galimoto yaing'ono yofiira itaima pafupi ndi geti. Ana a m'mudzi ankadziyang'anira pa magalasi ake. Pakhomo pa a Jafali sipankabwera galimoto yotere.

Analowa. Bambo ake anakhala pampando wawo wa pakhonde, kofia ili kumutu, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja. Amayi ake anali pa mkeka, manja ali patsaya. Ndipo pamaso pawo panagwada mkazi atavala chitenje chatsopano, mpango utaphimba bwinobwino tsitsi lake lalifupi. Pambali pake panali paketi ya shuga ndi nkhuku yomanga miyendo.

"Ngakhale si ine ndinafalitsa, kalasiyo ndimayang'anira ndine," ankatero Nancy ndi mawu ofatsa, maso ali pansi. "N'chifukwa chake ndati ndibwere ndekha ndidzapepese kwa inu makolo, dziko lonse likamamvera mwana wanu chonchi. Ine ndi a Kaliwo tinachokera kutali, makolo athu akudziwana. Sindikumusungira mangawa Hajara. Ndi mwana, sankadziwa."

Anatembenuka, naona Hajara ataima pageti, ndipo anamupatsa moni ndi mutu mwaulemu.

Zala za a Jafali zinasiya kuyenda pa tasibihi. Sanakweze mawu.

"Hajara, bwera ukhale apa," anatero, akuloza pansi pafupi ndi mapazi awo. "Mayiwa achokera ku Lilongwe kudzapepesa nkhani imene ine mwini nyumba sindikuidziwa. Akuti ili m'foni mwawo, ndipo wayankhulamo ndiwe." Anatambasula dzanja kwa Nancy. "Tiyatsireni, mayi. Timve tonse."